Mapulofesa odzudzula TV aja sanali amisala ayi

Pali kayankhidwe kena kamene kamandiwawa ndikamamva anthu akukambirana za TV ndi zinthu zomwe timaonera pa mafoni masiku ano. Munthu wophunzira akangotsegula pakamwa kunena kuti zoonerazi zikutiumba maganizo, yankho limabwera pompopompo: aaa asiyeni amenewo ndi onyada, akufuna aliyense azigona ndi buku ngati iwowo, ife timangoonera kuti mutu upumeko basi. Ine ndili mbali ya mapulofesawo abale anga, ngakhale pali malo ena pomwe ndimakangana nawo kwambiri, ndipo tifikapo.

Koma ndiyambe ndi munthu amene sanali pulofesa nkomwe. Mu 2004 Patrick Le Lay, bwana wamkulu wa TF1, kanema wamkulu kwambiri ku France, ananena mosabisa kuti ntchito ya kampani yake ndi kuthandiza makampani ngati Coca-Cola kugulitsa katundu wawo, ndipo chimene TF1 imagulitsa kwa Coca-Cola ndi nthawi ya ubongo wa munthu, nthawi imene ubongowo uli chotsegula. Mapulogalamu ntchito yake ndi kumusangalatsa munthu, kumufewetsa, kuti adiveti ikamabwera isapeze chitseko chotseka. Anthu anakwiya kwambiri ku France koma bamboyo sananame, anangolankhula mmene amalankhulirana okhaokha mmaofesi mwawo. Ndipo mfundo imeneyi pulofesa wina wa ku Canada, Dallas Smythe, anali atainena kale mu 1977: pa TV yamalonda katundu amene amagulitsidwa ndi anthu oonerawo, wogula ndi wotsatsa malonda, pulogalamu ndi nyambo chabe. Ukangomvetsa chinthu chimodzi chimenechi zambiri zomwe zimaoneka ngati zangochitika pa sikirini zimayamba kuoneka kuti pali amene anazikonza.

Taonani mmene sewero la pa TV yamalonda limamangidwira. Ku America pulogalamu yomwe amati ndi ya theka la ola imakhala pafupifupi mphindi 22, zotsalazo ndi maadiveti, ndiye wolemba seweroyo salemba nkhani nkumaiona kuti ithera pati, amayamba wadziwa kuti pakutha mphindi zakutizakuti adzadula, ndipo pamene akudulapo payenera kukhala chinthu chokugwira mtima kuti usagwire rimoti. Nchifukwa chake chitseko chimatseguka, mayi uja nkutembenuka, kamera nkuyandikira nkhope yake maso ali tong'o, nyimbo nkukwera, ndiye asananene kuti walowa ndani mukuona sopo. Nkhaniyo yapindidwa dala kuti ikwane mmipata ya wotsatsa malonda. Ngakhale masewero ataliatali osatha aja, a chikondi ndi mikangano ya mmabanja, anayambira pa wailesi ku America mzaka za mma 1930 akulipiriridwa ndi makampani a sopo ngati Procter & Gamble, omwe ankafuna makutu a azimayi otsala pakhomo masana. Ndipo kuyambira 1950 kampani ya Nielsen yakhala ikuwerenga kuti ndi makomo angati akuonera chiyani, manambala amenewo ndi amene amaika mtengo wa adiveti, amenewonso ndi amene amapha pulogalamu kapena kuisunga. Kaya pulogalamuyo ndi yanzeru kaya ndi yachabechabe, manambalawo alibe nazo ntchito.

Raymond Williams, pulofesa wa ku Cambridge yemwe anakulira ku Wales, anazolowera TV ya ku Britain, ndiye usiku wina ali ku Miami anayamba kuonera filimu pa TV ya ku America nkupezeka kuti wasokonezeka, filimu ikudulidwa ndi maadiveti, kenaka tizidutswa ta mafilimu ena omwe adzaonetsedwe masiku otsatira, zonse zikulowana popanda chizindikiro choti apa chatha ichi chayamba ichi. Mu buku lake la 1974 anati chimene TV imapereka kwenikweni ndi mtsinje wosaduka umenewu, ndipo mapulani a eni kanema ndi oti ukalowamo usatulukemo madzulo onse. Ine ndimaona kuti pa onse amene analemba za TV, iyeyu ndi amene anaona patali kwambiri. Mumukumbukire tikafika pa foni.

Pa nkhani za nyuzi ndi pomwe mtima wanga umapweteka kwambiri. Neil Postman wa ku New York University analemba mu 1985 kuti vuto si loti TV imasangalatsa anthu, zosangalatsa zilibe mlandu, vuto ndi loti chilichonse chikalowa mu TV chimakakamizidwa kukhala chosangalatsa, kaya ndi ndale kaya chipembedzo kaya maphunziro kaya imfa. Mungoonera nyuzi yamadzulo kamodzi ndi diso limeneli. Wowerenga nkhani akunena za chivomezi chomwe chapha anthu mazanamazana, akuonetsa bambo akukumba ndi manja pa nyumba yogumuka kufunafuna mwana wake, masekondi makumi anayi, kenaka wowerenga uja nkukonza mapepala, nkhope nkumasuka, kumwetulira pang'ono, tsopano tipite ku zamasewero. Palibe amene wanama pamenepo, chivomezi chachitikadi, mpira waseweredwadi. Koma kakonzedweko kakukuuza mwakachetechete kuti bambo uja usamuganizire kupitirira masekondi makumi anayi, ndipo ukamauzidwa zimenezi tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi awiri umafika pozolowera. Postman ankakumbutsa za mitsutso ya andale awiri a ku America, Abraham Lincoln ndi Stephen Douglas, mu 1858, inalipo 7, uliwonse maola atatu: woyamba ankalankhula ola limodzi, mnzake nkuyankha ola ndi theka, woyamba uja nkutsekera ndi theka la ola, anthu wamba ataima panja kumvetsera. Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino, pa nthawiyo azimayi sankavota ndipo anthu akuda mamiliyoni anali akapolo mdziko lomwelo. Koma yerekezani ndi mtsutso wa pa TV pomwe munthu wofuna kulamulira dziko amapatsidwa mphindi ziwiri kuti afotokoze mmene angakonzere chuma chonse, belu nkulira.

Pulofesa Pierre Bourdieu ku France mu 1996 anawonjezera mfundo ina yomwe imaoneka yaing'ono koma si yaing'ono. Anati TV ili ndi akatswiri akeake, anthu oganiza mothamanga, omwe amaitanidwa tsiku lililonse pa nkhani iliyonse chifukwa amatha kuyankha mmasekondi ochepa. Nanga munthu angaganize bwanji mothamanga chonchi? Amangonena zomwe aliyense akudziwa kale, zomwe sizifuna kufotokozera. Mfundo yatsopano imafuna nthawi, umayenera kuyala maziko, kupereka umboni, kuyankha wotsutsa, ndiye munthu amene wafufuza nkhani zaka khumi akafika mu situdiyo amaoneka ngati wachibwibwi pomwe wongobwebweta uja amaoneka wanzeru. Bourdieu mwini atavomera kukalankhula zimenezi pa TV anaonetsetsa kuti alankhule yekha, popanda womudula, popanda zithunzi zokometsera. Ndipo ngati mukuganiza kuti ndi nkhambakamwa za mapulofesa, mu 2016 Les Moonves, yemwe anali bwana wa kanema wa CBS ku America, ponena za kampeni ya Donald Trump ndi phokoso lonse lomwe linabwera nayo, anati mwina sizabwino kwa America koma kwa CBS ndi zabwino kwambiri. Ndalama zinkalowa. Eni akewo akamalankhula momasuka amagwirizana ndi owadzudzula, ndi ife oonera tokha amene timakana.

Tsopano pomwe ndimasiyana nawo. Ena mwa odzudzulawa ankamuona munthu woonera ngati thumba lomwe aliyense angathiremo zomwe akufuna. Theodor Adorno ndi Max Horkheimer, omwe anathawa Hitler nkukakhala ku Los Angeles pafupi ndi Hollywood, analemba mzaka za mma 1940 kuti zosangalatsa zasanduka fakitale, nyimbo ndi mafilimu zikupangidwa mofanana ngati magalimoto, ndipo ntchito yake ndi kumugonetsa wantchito kuti mawa akabwererenso ku ntchito osafunsa mafunso. Za fakitalezo ndikuvomereza. Koma Adorno ankanyoza ngakhale jazz, nyimbo yomwe anthu akuda a ku America anaipanga kuchokera mmasautso awo, ndipo ukamamuwerenga umamva fungo la munthu amene sanakhalepo pansi ndi anthu omwe akuwafotokozawo. Kunyada kumeneko kulipodi, amene amadandaula nako sakulakwa.

Amene anakonza zimenezi ndi ophunzira anzawo omwe. Stuart Hall, wobadwira ku Jamaica, yemwe ankatsogolera kafukufuku wa zachikhalidwe ku yunivesite ya Birmingham, anati mu 1973 uthenga umene wopanga pulogalamu waika si umene woonera amatenga nthawi zonse: wina amaumeza wonse, wina amavomera mbali ina nkukana ina malinga ndi moyo wake, wina amautembenuza kotheratu. Wantchito amene ali pa sitalaka akamaonera nyuzi ikunena kuti masitalaka akuwononga dziko sagwedeza mutu kuvomera, amatukwana sikiriniyo. Kenaka Ien Ang ku Netherlands anachita chinthu chapafupi chomwe akuluakulu aja sanachiganizire, anafunsa anthu. Anaika kachidziwitso mmagazini ya azimayi yotchedwa Viva kupempha oonera Dallas, sewero la ku America la banja lolemera ndi mafuta, kuti amulembere chifukwa chomwe amalikondera kapena kudana nalo, analandira makalata 42. Anthuwo sanali opusa, ankadziwa kuti chumacho ndi chabodza, chomwe ankachiona kuti ndi choona ndi mikangano ya mbanja, nsanje, kusungulumwa kwa mkazi wokwatiwa ndi mwamuna woipa. Tamar Liebes ndi Elihu Katz anaonetsa Dallas yemweyo kwa magulu osiyanasiyana ku Israel, Aluya, Ayuda ochokera ku Morocco, ochokera ku Russia, a mma kibbutz (midzi yomwe anthu amagwirira ntchito pamodzi nkumagawana zomwe apeza), ndipo gulu lililonse linaona nkhani yakeyake, a ku Russia aja ankangofufuza kuti opanga seweroli akufuna kutinamiza chiyani za chikapitolisiti.

Zonsezi ndi zoona ndipo ndimazilemekeza. Koma kuchokera pamenepa ophunzira ena anatsetsereka nkufika ponena kuti basi palibe vuto, woonera ndi mfumu, amadzipangira tanthauzo yekha, tiyeni tizingolemba za mmene mafani amasangalalira. Apa ndiye ndimakana. Wantchito uja wotukwana sikirini, Nielsen amamuwerenga ngati woonera, mofanana ndendende ndi wovomera uja. Mwa omwe analembera Ang munali ena odana nalo seweroli koma ankalidziwa bwinobwino, kutanthauza kuti ankaonera. Wotsatsa malonda safunsa kuti unali wokondwa kapena wokwiya, amangofuna kuti unalipo. Ndipo ufulu womasulira zomwe wapatsidwa si ufulu wosankha zomwe zipangidwe. Ukhoza kukhala wochenjera bwanji, sungamasulire pulogalamu yomwe sinapangidwe chifukwa inalibe wolipirira, nkhani ya anthu osauka omwe otsatsa malonda sawafuna chifukwa alibe chogulira.

Nanga zimatisinthadi? Anthu amafuna umboni woti wina anaonera filimu yachiwawa usiku mmawa nkukamenya munthu, akausowa amati mwaona palibe kanthu. George Gerbner wa ku University of Pennsylvania ankati funsolo ndi lolakwika. Iye ndi gulu lake kuyambira kumapeto kwa zaka za mma 1960 ankajambula mapulogalamu a TV chaka ndi chaka nkumawerenga kuti ndani akumenya, ndani akumenyedwa, ndani akuoneka, ndani sakuoneka nkomwe, kenaka nkufunsa anthu mmene amalionera dziko. Anapeza kuti oonera kwambiri, maola 4 kapena kuposa patsiku, ankakhulupirira kuti dziko ndi loopsa kuposa mmene lilili, kuti anthu ndi osadalirika. Chiwawa cha pa TV chimabala mantha kuposa mmene chimabalira achiwawa, ndipo munthu wamantha amavomera mosavuta aliyense womulonjeza chitetezo. Ofufuza ena monga Paul Hirsch anabwereza masamuwo nkupeza kuti ukachotsa zinthu monga maphunziro ndi msinkhu mphamvuyo imachepa kwambiri, mkanganowo ndi weniweni. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo pali malo ena pomwe zinaoneka poyera chifukwa TV inafika anthu akuona. Ku Fiji, mdera la Nadroga, TV inafika mu 1995, Anne Becker wa ku Harvard anafunsa atsikana a sukulu chaka chomwecho palibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti amadzisanzitsa kuti achepetse thupi, mu 1998 anali pafupifupi 11 pa 100 aliwonse, mdziko lomwe thupi lodzaza linkatamandidwa. Atsikana ofunsidwawo anali ochepa, osakwana 70 ulendo uliwonse, komabe zaka zitatu zokha abale. Ku Brazil akatswiri a zachuma anatsatira mmene kanema wa Globo ankafalikira dera ndi dera nkupeza kuti komwe masewero ake anafika, momwe mabanja ake amakhala a ana ochepa, azimayi anayamba kubereka ana ochepa, mpaka makolo kumatcha ana mayina a anthu a mmasewerowo. Wina anena kuti zimenezo ndi zabwino, mwina ndi zabwinodi, koma ndiye tisamanenenso kuti ndi zongopumitsa mutu. Chinthu chomwe chingasinthe chiwerengero cha ana mbanja sichingakhale chopanda mphamvu pa kavotedwe kapena pa mmene timaonera mlendo.

Ndiye anabwera mafoni, anthu nkumati TV yatha, tsopano aliyense akusankha yekha, aliyense ndi mtolankhani, mapulofesa aja mabuku awo akaponye. Ine ndikuona kuti ndi pano pomwe mabukuwo akufunika kuposa kale. Mtsinje uja wa Williams pa TV unkatha, pulogalamu ikakutopetsa unkadzuka, kale ma siteshoni ankatseka usiku. Pa TikTok kapena YouTube sumatha, ndipo wakonzedwera iweyo pawekha, kanema wa mwana akuvina, kenaka bomba likugwa pa nyumba, kenaka wina akuphika, kenaka mlaliki, kenaka adiveti yooneka ngati si adiveti, chala chikungokankha. Zomwe Postman ankadandaula nazo, zija zimachitika pa nyuzi pakatha masekondi makumi anayi, pano zikuchitika pakatha masekondi khumi. Mu 2012 YouTube inasintha aligorizimu yake, makina omwe amasankha zoti akuonetse, kuti izikweza makanema malinga ndi nthawi yomwe anthu akhala akuonera, ndipo mu 2018 mkulu wina wa kampaniyo, Neal Mohan, ananena kuti zoposa 70 pa 100 za nthawi yomwe anthu amaonera zimachokera pa zomwe makinawo awasankhira. Kusankha wekha kuja kuli pati pamenepa? Reed Hastings wa Netflix mu 2017 anati mpikisano wawo uli ndi tulo. Ndipo zikalata zomwe Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito ku Facebook, anatulutsa mu 2021 zinaonetsa kuti Facebook kuyambira 2017 inkawerenga tizizindikiro tija ta mmene wamvera, kuphatikizapo kankhope kokwiya, kalikonse ngati malaiki asanu, pambuyo pake anazisintha ataona kuti zikukweza zonyansa ndi zabodza. Woonera wochenjera uja wa Hall, wotsutsa, wolemba ndemanga yaukali pansi pa positi yabodza, ndiye amene makinawa amamukonda kwambiri, mkwiyo wake ndi umene ukuikankhira positiyo kwa anthu ena chikwi.

Mlandu wanga waukulu ndi ophunzirawa ndi wina. Zinthu zimenezi akhala akuzidziwa zaka makumi asanu koma amalemberana okhaokha, mmagazini a mayunivesite omwe kuti uwerenge pepala limodzi uyenera kulipira, mchilankhulo chomwe ngakhale mwana wawo wa chaka choyamba amachita kutuluka nacho thukuta. Mfundo ya Smythe mwana wa zaka khumi ndi ziwiri angaimve mu mphindi zisanu: ndani walipira kuti uone ichi, ndipo iyeyo akupeza chiyani ukaonera mpaka kumapeto? UNESCO inapempha mayiko kuti aziphunzitsa ana kuwerenga zoulutsidwa kalekale mu 1982 ku Grünwald ku Germany, Finland inazitenga nkuziika mmaphunziro a ana kuyambira aang'ono, koma mmayiko ambiri mwana amamaliza sukulu akudziwa kusanthula ndakatulo koma sanafunsidwepo kuti asanthule adiveti imodzi, chonsecho maadiveti adzaona mamiliyoni. Funso lomwelo ligwirenso pa kanema waboma, kumeneko wolipira ndi wolamulira ndipo chomwe amagula ndi kuti nyuzi iziyamba ndi iyeyo.

Komanso ndisaike katundu yense pa mwana ndi mphunzitsi wake, ngati kuti munthu mmodzi ndi foni yake angalimbane ndi kampani yomwe yalemba ntchito akatswiri zikwizikwi kuti asaike foniyo pansi. Malamulo amatheka. Quebec inaletsa maadiveti olunjika kwa ana osakwana zaka 13 kuyambira 1980, Sweden inaletsa a pa TV kwa ana osakwana zaka 12 mu 1991, France inachotsa maadiveti pa makanema aboma kuyambira 8 koloko madzulo mu 2009, ndipo lamulo la European Union la Digital Services Act likukakamiza makampani omwe ali ndi ogwiritsa ntchito oposa 45 miliyoni kumeneko kuti apereke njira yoonera yosatengera mbiri ya zomwe munthu wakhala akudina. Palibe mwa malamulowa lomwe linayamba popanda wina kukhala pansi nkufufuza kaye.

Ndipo kufufuzako ndi kumene kukutsekedwa pano. Gerbner ankatha kujambula TV ya sabata yonse nkuwerenga, chifukwa zomwe ankaona iye ndi zomwe dziko lonse linkaona. Lero sikirini yanu ndi ya mnzanu wokhala naye mpando umodzi sizifanana, ndipo amene akudziwa zomwe anthu mamiliyoni aonetsedwa usiku wathawu ndi kampani yokhayo. Twitter inatseka mu 2023 njira yaulere yomwe ofufuza ankatengera data, Meta, kampani ya Facebook, inatseka CrowdTangle mu 2024, chida chomwe atolankhani ndi mayunivesite ankaonera zomwe zikufala pa Facebook ndi Instagram, ndipo inachita zimenezi miyezi yochepa chisankho cha ku America chisanachitike. Lamulo la ku Europe lija lili ndi gawo lokakamiza makampaniwa kutsegulira ofufuza ovomerezeka, ndipo ine ndikufuna mayiko ena onse alembe lawo lotero, chifukwa kampani ikamati palibe umboni woti tikuwononga ana anu pomwe umboniwo yautsekera mmakompyuta ake, boma lililonse lili ndi mphamvu yoiuza kuti itsegule anthu awerenge okha.